Mangochi: ulendo wa masiku atatu kuchokera pamlatho wa Shire kukafika ku Lungwena

Anthu ambiri a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Zomba akanena kuti akupita ku Mangochi amatanthauza kumahotela a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Akayandikira pa boma amangothira mafuta m'galimoto, kugula madzi akumwa, n'kupitiriza ulendo. Amabwerera kwawo atasamba m'nyanja ndi kudya chambo, koma osauona mtsinje wa Shire umene unabala tauniyi, osawoloka mlatho, ndiponso osadziwa kuti kutsidya kuli gombe lina lalitali lodutsa ku Malindi ndi ku Lungwena mpaka kwa Makanjira.

Masiku atatu ndi okwanira kuona tauni ya pamtsinje, gombe la kum'mawa ndi malo ena amodzi, ngati ulendo wakonzedwa bwino. Kukonzako kwagona pa zinthu zinayi: nyengo, msewu, madzi ndi miyambo ya eni dera. Amene sazifunsa zimenezi amataya ndalama, amakhumudwitsa anthu amene amulandira, ndipo nthawi zina amaika moyo wake pachiswe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Malo ndi mbiri yake

Tauni ya Mangochi ili m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi kumpoto ndi nyanja ya Malombe kummwera. Shire ndiye mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi, ndipo umayenda makilomita pafupifupi 400 kukathira mu Zambezi ku Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 53,498 m'tauniyi ndi anthu 1,148,611 m'boma lonse. Ambiri mwa iwo ndi Ayao, ndipo Chisilamu chinazika mizu kalekale, ngakhale kuti Anyanja ndi mitundu ina aliponso ochuluka, makamaka chakumadzulo kwa bomali.

Kufunika kwa malowa kunachokera pa mtsinje. Aliyense wolowa m'nyanja pa sitima kuchokera kummwera ankadutsa pano, ndipo amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo ankawolokera pano popita kugombe la nyanja yamchere. David Livingstone anafika kunyanja potsata Shire mu Seputembala 1859. Mu Okutobala 1875 sitima yoyamba ya Ilala, itanyamula a mishoni ya Livingstonia, inadutsa pamudzi wa mfumu Mponda n'kulowa m'nyanja.

Mu 1891 Harry Johnston, amene ankatsogolera ulamuliro wa Angerezi, anamanga linga kutsidya la kum'mawa moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, ndipo linatchedwa Fort Johnston. Cholinga chake chinali kutseka njira ya akapolo ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao amene ankakana ulamuliro wa atsamunda. Patapita zaka zochepa likulu linasamukira kutsidya la kumadzulo, pamene pali tauni lero. Dzina la Mangochi linalowa m'malo mwa Fort Johnston dziko litalandira kale ufulu wodzilamulira.

Nthawi yoyenera kupita

Mangochi ili m'chigwa, pamtunda wosafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho kumatentha kuposa ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti ndiyo yabwino kwa woyenda pansi ndi woona zakale: kunja kumakhala kozizirira, misewu youma, udzudzu wocheperako. Koma iyi ndiyonso miyezi ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imatha kuwomba masiku angapo osaleka. Mwera ukakula asodzi salowa m'nyanja, nsomba zimasowa pagombe, ndipo ulendo wa pa boti umalephereka. Nthambi yoona zanyengo imalengeza machenjezo a mphepoyi pawailesi ndi pa intaneti, ndipo mlendo wanzeru amawatsata asananyamuke.

Mu Seputembala nyanja imadekha ndipo madzi amayera. Okutobala ndi Novembala ndi miyezi ya dzuwa loswa mtengo, pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 35. Woyenda m'miyezi imeneyi aone malo kummawa ndi madzulo, masana apume pamthunzi. Akumbukirenso kuti pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, komanso pa Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Pasaka, anthu amakhamukira kunyanja, zipinda zimadzaza msanga ndipo mitengo imakwera.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo kumagwa mvula. Dziko limabiriwira, koma mitsinje yotsika m'mapiri a kum'mawa imadzaza mwadzidzidzi ndipo yakhala ikuononga milatho ya msewu wa kwa Makanjira. Nyanja nayo imakwera kumapeto kwa dzinja. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri mwakuti analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwa nyanja m'bomali. Pofuna chipinda cha pagombe m'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, ndi bwino kufunsa pa foni ngati mchenga ukuoneka kapena wamira.

Kayendedwe

Kuchokera ku Blantyre, msewu wa M3 umadutsa ku Zomba ndi ku Liwonde kukafika ku Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Pa galimoto yakeyake munthu amayenda maola atatu kapena anayi. Pa minibasi nthawi imatalikirapo chifukwa choimaima. Chigawo chomaliza, kuchokera ku Liwonde, chimadutsa m'malo a milambe ndi migwalangwa, chakumadzulo kwa nyanja ya Malombe.

Kuchokera ku Lilongwe pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya M1 kudutsa ku Dedza, kutsika phiri la Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, kenaka kulowa msewu wa M10. Yachiwiri ndi yodzera ku Salima n'kutsata msewu wa M5 kulowera kummwera mpaka kukumana ndi M10 yemweyo. Njira ya ku Dedza ili ndi makilomita pafupifupi 250, ndipo chitsetso cha Khwekhwerere chimafuna mabuleki abwino ndi dalaivala wodekha.

M'tauni muli njinga za kabaza zambirimbiri, zakapalasa ndi zamoto zomwe. Malo ofunika kuona ali moyandikana, kotero kuti munthu wamphamvu akhoza kuwayendera wapansi. Wopita kutsidya amapeza matola ndi magalimoto ang'onoang'ono a ku Malindi, Lungwena ndi kwa Makanjira. Magalimotowa amanyamuka akadzaza, alibe nthawi yoikika, ndipo amachepa dzuwa likapendeka. Mtengo wa kabaza kapena wa boti ukambidwe ulendo usanayambe. Wokwera njinga yamoto apemphe chipewa choteteza mutu.

Wa galimoto yake athire mafuta okwanira pa boma asanawoloke mlatho, popeza kutsidya malo othira mafuta ndi otalikirana. Kuyenda usiku n'kosayenera: m'misewu ya m'bomali mumayenda njinga zopanda nyali, ziweto ndi ana, ndipo m'mbali mwa phula ndi mokumbika m'malo ambiri.

Tsiku loyamba: tauni ya pamtsinje

Wonyamuka mmamawa amafika pa boma nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Poyambira pabwino ndi nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho. Inamangidwa ndi njerwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inamwalira mu 1901. Pambali pake pali zinthu ziwiri zimene zimasimba mbiri ya nyanja.

Choyamba ndi mzinga wa mtundu wa Hotchkiss wochokera pa sitima yankhondo ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda. Olemba mbiri ambiri amati uku kunali kupambana koyamba kwa Angerezi pankhondo ya pamadzi m'nkhondo imeneyo.

Chachiwiri ndi chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inagubuduzika ndi mphepo kumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946. Imeneyi ndiyo ngozi ya sitima yaikulu koposa m'mbiri ya nyanja ya Malawi, ndipo inachitika m'nyengo ya mwera. Woimirira pamalopa asanakwere boti mawa lake amamvetsa chifukwa chimene asodzi amaiopera mphepoyi.

Pafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu. Muli zipangizo za sitima zakale, zida za usodzi, ndi zinthu zoonetsa moyo ndi miyambo ya Ayao. Ndi nyumba yaing'ono. Ola limodzi limakwana. Pakhomo pamalipidwa ndalama yochepa, ndipo ndi bwino kufunsiratu za maola otsegulira, makamaka Loweruka ndi Lamulungu. M'manda akale a m'tauni mulinso mitumbira ya asilikali a nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Nyumba zopemphereramo nazo zimaonetsa nkhope ya tauniyi. Mzikiti waukulu umaonekera patali, ndipo tchalitchi cha St Augustine ndilo likulu la dayosizi ya Katolika ya Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1973. Wailesi ya Radio Maria Malawi ili ndi likulu lake m'tauni momwemu. Mumsika mumapezeka nsomba zouma ndi zowamba, mpunga, malambe, mikeka, zipewa ndi madengu oluka ndi mlaza.

Madzulo ndi nthawi ya mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Woyenda wapansi pamlathowu amaona Shire ali wotakata ndi wodekha, mabwato a asodzi, bango la m'mbali, ndi mapiri a kum'mawa atafiira ndi dzuwa lolowa. Madzi a pansipo asanyenge munthu: mumtsinjewu muli ng'ona ndi mvuu, ndipo si malo osambira.

Tsiku lachiwiri: Malindi ndi Lungwena

Atawoloka mlatho, mlendo amasiya msewu wa M3 umene umakwera mapiri kupita ku Namwera, n'kukhotera kumanzere kutsata msewu wa kwa Makanjira. Msewuwu ndi wopapatiza ndipo umasintha malinga ndi nyengo ndi ntchito yokonza. Madalaivala a matola a pa boma ndiwo amadziwa mmene ulili tsiku limenelo.

Malo oyamba kuima ndi Malindi, makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa boma. Apa pali mishoni ya mpingo wa Anglican imene yakhalapo zaka zoposa 100, yoyambitsidwa ndi bungwe la UMCA. Pamishoniyi pali chipatala cha St Martin's, tchalitchi, ndi sukulu zodziwika monga ya atsikana ya St Michael's. Kale amishoni ankakonzera sitima zawo pagombeli. Yotchuka mwa izo ndi Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow, inabwera m'zidutswa zonyamulidwa pamitu m'malo amene Shire ali ndi mathithi, inalumikizidwa kwa Mponda, ndipo inalowa m'madzi mu 1901.

Malindi ali ndi malo akenso m'mbiri ya ndale. Henry Masauko Chipembere, mwana wa m'busa wa Anglican, anali phungu wa dera lino. Nduna zitasemphana maganizo ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu Seputembala 1964, iye anatula pansi udindo, ndipo pambuyo pake anabisala m'mapiri a kum'mawa kwa Malindi. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 analowa m'tauni ya Fort Johnston ndi anthu ake pafupifupi 200, n'kupitirira kulowera ku Zomba, koma ulendo wawo unathera pa doko la Liwonde pamene anapeza chombo choolotsera chili tsidya lina. Midzi ya kuno inavutika kwambiri ndi chilango cha boma pambuyo pake. Chipembere anamwalira ku America mu 1975. Nkhaniyi idakali yowawa m'mabanja ena, choncho mlendo aifunse mofatsa, ndipo akaona kuti wofunsidwa sakufuna kuikamba, aisiye.

Kupitirira Malindi msewu umafika ku Lungwena, pakati pa makilomita 30 ndi 40 kuchokera pa boma. Derali ndi kachigwa kopapatiza pakati pa nyanja kumadzulo ndi mapiri a nkhalango ya Namizimu kum'mawa, ndipo linatenga dzina la mtsinje wa Lungwena umene umatsika m'mapirimo. Anthu ake ndi alimi a chimanga ndi asodzi, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ogwira ntchito ku South Africa. Akatswiri a zaumoyo a m'maiko ambiri amalidziwa dzina la Lungwena kaamba ka chipatala chake chaching'ono, pamene sukulu ya madokotala ya College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, pamodzi ndi yunivesite ya Tampere ya ku Finland, akhala akuchita kafukufuku kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Kafukufukuyu wakhudza umoyo wa amayi oyembekezera, kakulidwe ka ana, ndi chakudya chowonjezera cha mtedza chofanana ndi chiponde.

Ku Lungwena kulibe mahotela akuluakulu kapena malo okonzedwera alendo. Choona chake ndi moyo wa pagombe mmene ulili. Usiku asodzi amalowa m'nyanja ndi nyali zokopa usipa ndi makoka a chilimira; mmawa amakocheza, ogula amazungulira mabwato, ndipo nsomba zimayanikidwa pamathandala. Wofuna kuona zimenezi anyamuke pa boma kusanache bwino, ayambire ku Lungwena, adzaime ku Malindi pobwerera. Wokonda dzuwa lolowa achite mosemphanitsa. Magombe a mahotela a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay amayang'ana kum'mawa, choncho kumeneko dzuwa limalowera kumtunda. Ku Malindi ndi ku Lungwena gombe limayang'ana kumadzulo, ndipo dzuwa limalowa kuseri kwa madzi ndi mapiri a kwa Nankumba. Koma woonera dzuwa lolowa akhale atapezeratu pogona chakufupi kapena galimoto yodalirika yobwerera nayo.

Kwa Makanjira ndi ku Fort Maguire ndi kutali, makilomita oposa 100 kuchokera pa boma. Lingalo linatchedwa dzina la Kaputeni Cecil Maguire, amene anaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi ankhondo a mfumu Makanjira. Malowa amafuna tsiku lawolawo ndi galimoto yolimba, ndipo sakwana mu ulendo wa masiku atatu.

Tsiku lachitatu: phiri kapena chilumba

Tsiku lomaliza limafuna kusankha chimodzi, popeza masana mlendo ayenera kuyamba ulendo wobwerera.

Wokonda mapiri ndi mbiri atsate M3 kukwera chitunda cha kwa Chowe kulowera ku Namwera. Pamwamba pa chitundacho pamaoneka bwino nyanja ya Malawi, Shire ndi Malombe nthawi imodzi, ndipo mphepo yake ndi yozizira. Msewuwu umakafika ku Chiponde, pamalire ndi tauni ya Mandimba ku Mozambique. M'mapiri amenewa muli mabwinja a Fort Mangochi, pamalo pamene panali likulu la mfumu Jalasi. Mu 1892 Jalasi anagonjetsa gulu la asilikali a atsamunda n'kulanda mzinga wawo, ndipo anagonja mu 1895. Kukafika kumabwinjako kumafuna kuyenda wapansi mtunda wautali ndi munthu wa m'deralo wodziwa njira, choncho n'koyenera amene ali ndi tsiku lathunthu.

Wokonda madzi atsate M10 kulowera kumpoto. Monkey Bay, imene eni ake amaitcha Lusumbwe, ili pamtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera pa boma, ndipo ndiko kwawo kwa sitima ya Ilala ya masiku ano, imene inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Munthu asanafike pa Monkey Bay pali mphambano ya ku Cape Maclear, kumudzi wa Chembe. Kumeneko kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna za mitundu yambirimbiri zimene sizipezeka kwina kulikonse. Alendo amakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna pakati pa miyala ndi nkhwazi zikuwakha nsomba. Kulinso manda a amishoni oyambirira a Livingstonia, amene malungo anawasautsa mpaka mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndi Mwala wa Mphini wokhala ndi mizere ngati mphini za pankhope. Polowa m'paki Amalawi amalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho chitupa cha unzika chisatsale. Kwa wobwerera ku Lilongwe njirayi ili m'njira kale. Wobwerera ku Blantyre awerengere maola ena awiri.

Pogona, chakudya ndi ndalama

Malo ogona ali m'magulu atatu. Pa boma pali nyumba zogona alendo za mitengo yotsika ndi yapakatikati, ndipo ndizo zoyenera ulendo wofotokozedwa pano, popeza zili pakati pa njira zonse. M'mbali mwa M10 muli mahotela a pagombe monga Sunbird Nkopola ndi Makokola, a mitengo yokwera. Ku Cape Maclear kuli malo a mitengo yosiyanasiyana. Polipira chipinda, mlendo afunse ngati mtengo ukuphatikiza msonkho ndi chakudya cha mmawa, ngati muli neti ya udzudzu, ndiponso chimene chimachitika magetsi akazima, chifukwa usiku wa Okutobala wopanda fani ndi wautali.

Mabanki ndi makina otapira ndalama ali pa boma. Kutsidya munthu amadalira ndalama za m'thumba ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo si nthawi zonse pamene wothandiza pa ndalama za pafoni amakhala ndi zokwanira. Ndalama zing'onozing'ono zimathandiza pa kabaza, pamsika ndi pagombe. Pogawa ndalama za ulendo, ndi nzeru kupatula gawo lina la zadzidzidzi monga tayala lophulika kapena usiku wina wosayembekezereka.

Nsomba za kuno ndi chambo, kampango, mcheni, utaka, usipa ndi mlamba, zodyera nsima kapena mpunga. Chambo chinachepa kwambiri, makamaka ku Malombe kumene chinatsala pang'ono kutheratu m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono ndi kuchuluka kwa asodzi. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena chaka ndi chaka kuyambira pa 1 Novembala kuti nsomba ziswane. Mlendo amene akugula chambo chaching'ono, chimene asodzi amati kasawala, akuthandiza kuononga chimene wabwera kudzadya. Wogula nsomba zaziwisi zopita nazo kumzinda aone kuti makha ake ndi ofiira ndi maso owala, agule tsiku lobwerera, ndipo akhale ndi bokosi la madzi oundana.

Ulemu kwa eni dera

Kutsidya kwa Shire chilankhulo cha pakhomo ndi Chiyao, ngakhale kuti ambiri amamva Chichewa. Moni wa "Ali uli?" ndi kuthokoza kwa "Sikomo" zimatsegula makomo ambiri. Wofika pamudzi kapena pagombe ayambe wapereka moni kwa akuluakulu ndi kunena chimene wadzera. Pa magombe ambiri pali komiti ya asodzi, ndipo wofuna kukwera bwato kapena kujambula adzere kwa iwo kapena kwa a mfumu.

Zovala zimene zimaloledwa pagombe la hotela sizoyenera pagombe la mudzi, pamene anthu amatunga madzi, kuchapa ndi kusamba. Amayi amamanga chitenje, abambo amavala malaya. M'midzi yambiri malo osambira amuna ndi akazi ndi osiyana, ndipo kuloza kamera kumeneko ndi chipongwe chachikulu. Kujambula munthu aliyense, makamaka ana, kumafuna chilolezo. Kumwa mowa poyera pafupi ndi mzikiti kapena pakati pa mudzi n'kosayenera.

Lachisanu masana sitolo zambiri zimatsekedwa kwa kanthawi chifukwa cha mapemphero. M'mwezi wa Ramadan, umene umasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, malo ena odyera satsegula masana, ndipo ndi ulemu kusadyera pamaso pa anthu osala. Wolowa mumzikiti apemphe chilolezo, avule nsapato, ndipo mayi afunde kumutu. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala ndi ya zinamwali za jando ndi nsondo. Kundagala, kumene anyamata amakhala, mlendo sayandikirako. Zikondwerero za potuluka, ndi magule monga manganje, zimachitikira poyera, ndipo woonerera waulemu sakanizidwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Umoyo ndi chitetezo

Malungo ndi ochuluka m'bomali chaka chonse. Kugona mu neti n'kofunika usiku uliwonse, ndipo kutentha thupi kulikonse m'masabata otsatira ulendo kumafuna kuyezetsa magazi mwamsanga. Likodzo limafala kudzera mu nkhono za m'madzi, makamaka m'malo odekha, a bango, oyandikana ndi midzi. Wosamba m'nyanja akayezetse patatha miyezi iwiri ngakhale asakumva kanthu. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala. Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri ndi mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, choncho madzi akumwa akhale a m'botolo, owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo chakudya chidyedwe chotentha.

Pafupifupi tchuthi chilichonse apolisi amalengeza za anthu omira m'nyanja, ndipo ambiri amakhala alendo ochokera m'mizinda. Zifukwa zake n'zodziwika: kusambira ataledzera, kusambira usiku, kusiya ana okha pagombe, ndi kudzaza boti mopitirira muyezo. Boti lopanda majekete oyandamitsa okwanira aliyense lisakweredwe, ngakhale mtengo wake utsike chotani. Pamathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumabisala ng'ona, ndipo mvuu zimatuluka kukada. Funso limodzi kwa msodzi wa pamalopo, lakuti pano pamasambidwa kapena ayi, limaposa kulimba mtima konse.

Chipatala chachikulu cha boma chili m'tauni. Kutsidya kuli St Martin's ku Malindi ndi chipatala chaching'ono cha Lungwena, ndipo kumpoto kuli chipatala cha Monkey Bay. Wodwala matenda amgonagona atenge mankhwala ake okwanira ndi buku lake la kuchipatala.

Pobwerera, wopita ku Blantyre anyamuke pa boma isanakwane 2 koloko masana, ndipo wopita ku Lilongwe achoke kunyanja nkhomaliro itangotha, kuti akwere Khwekhwerere kukadali kowala.